Acasta sinathawe, koma palibe anapita kukafuna anthu ake

Pa amuna pafupifupi 160 amene anali m'sitima yankhondo ya Britain yotchedwa HMS Acasta pa 8 Juni 1940, amene anabwerera kwawo ndi moyo anali mmodzi yekha. Dzina lake linali Cyril Carter, koma anzake ankangoti Nick. Sanali ofesala. Ntchito yake inali pa mapaipi oponyera matorpedo, mabomba aatali oyenda okha m'madzi, chakumbuyo kwa sitima. Pafupifupi zonse zimene zikudziwika za ola lomaliza m'kati mwa sitimayi zinachokera pakamwa pa munthu ameneyu. Zotsalazo zinachokera kwa adani amene anaimiza.

Kulimba mtima kulimo kochuluka m'nkhaniyi, ndipo ndifikapo. Koma chimene chimandisowetsa mtendere ndi zimene zinachitika mizinga itakhala chete. Amuna mazanamazana analowa m'madzi ali moyo, n'kumafa mmodzimmodzi kwa masiku atatu, popanda sitima kapena ndege ya kwawo yobwera kudzawafuna. Mabwana ku London anamva za kumira kwa sitima zawo pa wailesi ya Ajeremani. Wina akandiuza kuti linali tsoka chabe la pankhondo, ine ndimakana.

Acasta inamangidwa ndi kampani ya John Brown ku Clydebank, m'dziko la Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Inalowa m'madzi mu 1929 n'kuyamba ntchito chaka chotsatira. Amene munakwerapo Ilala dziwani kuti nayonso inapangidwa m'mbali mwa mtsinje womwewo, ku Scotstoun, patapita zaka 20, isanabwere kuno zidutswazidutswa. Ilala ndi yaitali mamita 52, pamene Acasta inali mamita 98. Tingoti ma Ilala awiri olumikiza, koma yowonda, yopangidwira liwiro basi. Inkatha kuthamanga makilomita 65 pa ola, liwiro loopsa pamadzi. Inali ndi mizinga inayi ya mainchesi 4.7 ndi mapaipi 8 a matorpedo. Chitsulo cha m'mbali mwake chinali chopyapyala, chosatha kutchinga chipolopolo cha mzinga. Sitima za mtundu wa destroyer zinali choncho zonse: chitetezo chake chinali kuthamanga, kukhotakhota, ndi kubisala mu utsi umene zinkaufukiza dala.

Ntchito ya sitima zoterezi inali yoperekeza. Pa nthawi ya nkhondo sitima yaikulu, kaya yonyamula ndege kaya yonyamula tirigu ndi mafuta, siyenda yokha. Pamakhala tisitima iti m'mbali, kusakasaka sitima za adani zoyenda pansi pa madzi, ndipo zinthu zikavuta timaima pakati pa mdani ndi sitima yaikuluyo. Amuna a m'menemo ankakhala mothinana, kugona pa machila opachika pamwamba pa matebulo omwewo amene ankadyerapo. Nyanja ikakwiya madzi ankalowa paliponse, zovala zosauma sabata yathunthu. Zaka zambiri za m'ma 1930 Acasta inazithera ku nyanja ya Mediterranean, ndipo inalondako m'mphepete mwa Spain pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya kumeneko. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itabuka mu 1939 inkaperekeza sitima zamalonda zolowa ndi kutuluka m'madoko a Britain. Inali ntchito yotopetsa, yosalembedwa m'nyuzipepala.

Kenako kunabwera Norway. Ajeremani analowa m'dzikolo pa 9 Epulo 1940, ndipo china chimene onse ankalimbirana chinali doko la Narvik, kumpoto kwenikweni, kumene miyala ya chitsulo yochokera ku migodi ya ku Sweden inkakwezedwera m'sitima kupita ku mafakitale a Germany. Asilikali a Britain, France, Poland ndi Norway analanda Narvik pa 28 Meyi. Koma chigonjetsocho chinabwera zinthu zitaipa kale: France inali ikugwa, ndipo Angerezi anali akuthawitsa asilikali awo ku Dunkirk. Anagamula zosiya Norway. Amuna pafupifupi 25,000 anayenera kukwezedwa m'sitima chakudera la Harstad pakati pa 4 ndi 8 Juni. Chinsinsi cha msamukowu anachisunga mopitirira muyeso, moti ngakhale gulu la ndege zolondera panyanja silinauzidwe. Choncho panalibe ndege zoyang'ana ngati sitima za adani zatuluka.

Komabe munthu wochenjeza analipo. Ku Bletchley Park, malo obisika amene Angerezi ankamvetserako mauthenga a adani, kunali mnyamata wa zaka 21, Harry Hinsley, amene anamutenga pa yunivesite ya Cambridge asanamalize maphunziro. Nthawi imeneyo anali asanathe kumasulira mauthenga achinsinsi a sitima za Germany, koma Hinsley ankaona kuchuluka kwa mauthengawo, kumene akuchokera ndi nthawi imene akutumizidwa. Kwa masiku angapo anakhala akuimba foni ku Admiralty, likulu la asilikali apamadzi ku London, kunena kuti zikuoneka kuti sitima zikuluzikulu zili pafupi kutuluka m'nyanja ya Baltic. Sanamumvere. Mwana wasukulu angawauze chiyani akuluakulu a nyota paphewa? Chenjezo lake silinafike ku sitima zimene zinali panyanja.

Mnyamatayo ankanena zoona. Pa 4 Juni sitima ziwiri zikuluzikulu za Germany, Scharnhorst ndi Gneisenau, zinanyamuka ku doko la Kiel pamodzi ndi sitima ina yotchedwa Admiral Hipper ndi ma destroyer anayi, motsogoleredwa ndi Admiral Wilhelm Marschall. Anamutuma kukaukira Harstad, koma ali m'njira anazindikira kuti Angerezi akusamuka, ndiye anaganiza zosaka sitima zawo panyanja. M'mawa wa pa 8 Juni anamiza sitima yamafuta ya Oil Pioneer, kasitima koiperekeza ka Juniper, ndi sitima yaikulu yonyamula asilikali ya Orama, imene mwamwayi inali isananyamule asilikaliwo. Sitima yachipatala ya Atlantis anaisiya ipite, ndipo nayo inasunga lamulo la sitima zachipatala, sinatumize uthenga wochenjeza anzake. Atatero Marschall anatumiza Hipper ndi ma destroyer ku Trondheim, doko la ku Norway limene linali m'manja mwa Ajeremani, kukamwetsa mafuta, iye n'kupitiriza ndi zilombo ziwiri zija.

Sitima imene Acasta inkaperekeza tsikulo inali HMS Glorious, yonyamula ndege. Kaputeni wake, Guy D'Oyly-Hughes, anali munthu wolimba mtima mosakayikitsa. Mu 1915, ali m'sitima yoyenda pansi pa madzi, anasambira yekha usiku kupita kumtunda ku Turkey akukankha mabomba, n'kukaphulitsa njanji. Koma za ndege sankazidziwa kwenikweni, ndipo anali wovuta kumulangiza. Paulendo wam'mbuyo anakangana kwambiri ndi mkulu wa oyendetsa ndege m'sitimamo, Commander J. B. Heath, amene anakana kutumiza ndege zochepa ndi zochedwa kukaponya mabomba kumtunda pa malo osadziwika bwino. Kaputeni anamutsitsa Heath ku Scapa Flow, doko lalikulu la sitima zankhondo kumpoto kwa Scotland, kuti adikire mlandu ku khoti la asilikali. Ndiye Glorious inabwerera ku Norway ilibe mkulu wa ndege, ndipo amene anatsala anali ataona zimene zimamuchitikira munthu wotsutsa bwana.

Usiku wa pa 7 Juni panachitika chinthu chimene sindingachidumphe. Oyendetsa ndege za Hurricane a gulu la 46 Squadron, m'malo mowononga ndege zawo ku Norway, anapempha kuti ayese kutera nazo pa Glorious. Ndegezi zinalibe ngowe yokolera chingwe potera pasitima, ndipo oyendetsawo anali asanachitepo zoterezi. Anaika matumba a mchenga kumchira kuti ndege isagwadire kutsogolo poponda mabuleki, ndipo zonse zinatera bwinobwino, pamodzi ndi ndege za Gladiator za 263 Squadron. Britain inkazifuna ndege zimenezi ndi anthu ake ngati mpweya. Pasanathe tsiku limodzi ndegezo zinali pansi pa nyanja, ndipo pa oyendetsa Hurricane amene anatera usikuwo anapulumuka awiri, Kenneth Cross ndi Pat Jameson.

Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha wa pa 8 Juni, D'Oyly-Hughes anapempha kwa Vice-Admiral Lionel Wells, amene anali pa sitima ina yonyamula ndege ya Ark Royal, kuti amulole kutsogola yekha kupita ku Scapa Flow m'malo moyenda ndi gulu. Analoledwa. Anapatsidwa ma destroyer awiri, Acasta ya Commander Charles Glasfurd ndi Ardent ya Lieutenant-Commander John Barker. Boma linadzanena pambuyo pake kuti Glorious inatsogola chifukwa mafuta anali atachepa. Koma kaputeni wa destroyer ina, HMS Diana, anadzachitira umboni kuti anaona uthenga wa nyali wopempha chilolezocho, ndipo chifukwa chimene chinatchulidwa chinali kukakonzekera mlandu wa ku khoti la asilikali. Ine ndimakhulupirira umboni umenewu. Sitima yosowa mafuta ndi imene imafunika kwambiri kuyenda ndi anzake, osati kuwasiya.

Ngakhale titavomera za mafutazo, mayendedwe ake ndi osamveka. Glorious inkayenda makilomita pafupifupi 31 pa ola, mwa maboyila ake 18 atayatsa 12 okha. Sitima yonyamula ndege maso ake ndi ndegezo, koma panalibe ndege ngakhale imodzi m'mwamba, kapenanso yokonzeka kunyamuka mwamsanga. Pamwamba pa mlongoti, pamene mlonda amakhala kuti aone kutali, panalibe munthu. Tsikulo kunali kowala, maso ankafika kutali. Ndipo kumpoto kumeneko mwezi wa Juni dzuwa sililowa, choncho panalibe mdima woti munthu audikire kuti abisalemo.

Nthawi itatsala pang'ono kukwana 4 koloko madzulo, mlonda wa pa Scharnhorst anaona kautsi chapatali. Angerezi atazindikira kuti kukubwera sitima ziwiri, Ardent inatumidwa kukaona kuti ndi ndani. Inalandiridwa ndi zipolopolo. Itangopitirira hafu pasiti 4, Scharnhorst inayamba kuwombera Glorious, ndipo pa ulendo wachitatu chipolopolo chinagwera pabwalo lonyamukira ndege, kuchokera pa mtunda wa makilomita 24. Mpaka lero kumeneku kumawerengedwa m'gulu la kuwombera kwapatali kwambiri kumene sitima inalasapo inzake. Bwalo litabooka, moto utabuka pamalo osungira ndege, nkhani youlutsa ndege inathera pomwepo. Chipolopolo china chinagwera pamalo oyendetsera sitima n'kupha kaputeni ndi ambiri amene anali naye.

Taonani kusiyana kwa mphamvu. Scharnhorst ndi Gneisenau iliyonse inali yolemera matani opitirira 30,000, ndi mizinga 9 ya masentimita 28, chipolopolo chimodzi cholemera makilogalamu opitirira 300. Acasta inali matani 1,350, chipolopolo chake makilogalamu 23, chimene pa chitsulo chochindikala cha sitima zija chinkangokanda utoto. Chida chokhacho chimene chikanapweteka mdani chinali torpedo, ndipo kuti torpedo ilase pamafunika kuyandikira, kulowa m'kati mwenimweni mwa moto wa mizinga.

Ardent ndi imene inayamba. Inafukiza utsi, n'kumatuluka mu utsimo kuponya matorpedo, kubwereramo, kutulukanso. Scharnhorst inkawazemba onse. Kasitimako kanalasidwa kambirimbiri koma kanapitiriza kuwombera mpaka kanagudubuzika n'kumira, cha m'ma 5:25. Nthawi yonseyi Acasta inali pafupi ndi Glorious, kuiphimba ndi utsi. Utsiwo unagwira ntchito ndithu, moti kwa mphindi pafupifupi 20 Ajeremani analeka kuwombera sitima yaikuluyo chifukwa sankaiona. Koma utsi umapita ndi mphepo. Utapungula, zipolopolo zinayambiranso, ndipo Glorious inayamba kupendekeka.

Apa ndi pamene Glasfurd anasankha. Sitima yake inali yothamanga kuposa za adani. Imene ankailondera inali itatha kale, mnzake atamira. Akanatembenukira kum'mwera ali mu utsi wakewo n'kuthawa, sindikuganiza kuti pali khoti limene likanamupeza wolakwa. Carter anafotokoza kuti m'sitimamo munali zii, palibe woyankhula, sitima ikuthamanga motalikira adani. Kenako uthenga wa kaputeni unafika pamalo onse. Monga mmene iye anaukumbukirira, unali wakuti: mwina mukuganiza kuti tikuthawa, koma sitikuthawa, anzathu a Ardent amira, Glorious ikumira, chatsala n'choti nafe tionetseko kanthu, mwayi ukhale nanu nonse.

Acasta inakhota n'kulowa mu utsi wake womwe. Itatulukira mbali inayo, Carter anaona adani koyamba, ali pafupi modabwitsa. Anaponya matorpedo. Ajeremani anayesa kuzemba monga anachitira ndi a Ardent, koma patapita mphindi zingapo torpedo imodzi inalasa Scharnhorst chakumbuyo, mbali ya kumanja, pafupi ndi mizinga yakumbuyo. Inang'amba chibowo cha mamita 14 m'litali. Amuna 48 anafa. Madzi okwana matani 2,500 analowa, mizinga yakumbuyo inaleka kugwira ntchito, ndipo mwa mainjini atatu awiri anaima. Carter anati ataona moto ndi madzi zikukwera m'mwamba, anyamata onse anakuwa ndi chimwemwe.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Atatulukanso mu utsi kachiwiri, adani anali atakonzeka. Chipolopolo chinalowa muinjini, n'kupha anzake a Carter a pa mapaipi, iye n'kuponyedwa uko, kukomoka. Atatsitsimuka anapeza sitima yaima, yapendekeka, mkono ukumupweteka. Anakwawira pampando wake n'kuponya matorpedo amene anatsala, popanda womulamula. Mizinga yakutsogolo inali ikuwomberabe. Kenako kunaphulika chinthu chachikulu kumbuyo, ndipo kaputeni analamula kuti onse atuluke. Zinthu ziwiri Carter sanaziiwale. Choyamba ndi dokotala wa m'sitimamo, mnyamata amene iyi inali sitima yake yoyamba, ali kalikiliki kuthandiza ovulala pamene panalibenso chiyembekezo. Chachiwiri ndi Glasfurd, atatsamira pamalo oyendetsera sitima, akutulutsa ndudu n'kuiyatsa. Amene anali m'madzi anamuitana kuti abwere. Iye anangowabayibitsa n'kuwafunira mwayi. Glorious inamira cha m'ma 6:10, Acasta patapita mphindi khumi.

Pali funso limodzi limene anthu okonda nkhaniyi sakonda kulifunsa, koma ndi loyenera. Palibe uthenga wa pa wailesi wochokera ku Acasta kapena Ardent umene unamveka kulikonse. Glorious yokha ndi imene inayesa kuitana. Glasfurd akanathawa n'kumakuwa pa wailesi kuti adani ali pakutipakuti, kenako n'kubwerera Ajeremani atachoka, mwina akanatola amuna mazana m'madzi. Ndaliganizira funsoli ndipo sindimuweruza. Munthu ali pakati pa moto, akudziwanso kuti kumbuyo kwake kukubwera sitima zodzaza ndi asilikali, sawerengera ngati ife amene tikuwerenga titakhala pampando. Ndipo chimene anasankhacho chinabala zipatso. Marschall, poona sitima yake imodzi ikutsimphina, anasiya kusaka n'kulowera ku Trondheim. Kumpoto kunali kukubwera gulu lachiwiri la sitima zonyamula asilikali pafupifupi 10,000, zopanda sitima yaikulu yoti n'kulimbana ndi Scharnhorst. Onse anafika kwawo, ambiri osadziwa n'komwe amene anawalipirira njira.

Tsopano za m'madzi. Ajeremani sanaime kutola anthu, poopa kuti sitima zina za Britain zili pafupi. Opulumuka ankati amuna pafupifupi 900 anatuluka m'Glorious ali moyo. Zopulumukirapo zawo zinali zotchedwa Carley float, chinthu choyandama chobulungira chokhala ndi pansi pa timatabwa tolenjekeka m'madzi, moti munthu akakhalamo miyendo imakhala m'nyanja. Munalibe madzi akumwa, munalibe chakudya, munalibe denga. Madzi a kumeneko ngakhale m'chilimwe ndi ozizira moti munthu amayamba kufooka pasanathe ola. Amuna ankangoti zii, kuwodzera, osadzukanso, anzawo n'kuwatsitsira m'madzi kuti malo apezeke. Ena anasokonezeka mutu. Onse ankakhulupirira kuti thandizo lili m'njira, chifukwa sitima yaikulu chonchija singangosowa popanda wodziwa.

Koma wodziwa analipo mmodzi, ndipo anakhala chete. Sitima ya HMS Devonshire inali pa mtunda wa makilomita osafika 100, itanyamula Mfumu Haakon VII ya Norway, mwana wake Olav ndi nduna za boma lawo, kuthawira ku Britain. Wailesi yake inagwira uthenga wa Glorious. Vice-Admiral John Cunningham anati uthengawo unafika oduladula, wosamveka bwino, ndipo iye anali ndi lamulo loti asayankhule pa wailesi kuopa kuulula pamene mfumu ili. Anawonjezera liwiro n'kupitiriza ulendo. Patapita zaka zambiri, ena mwa amene ankagwira ntchito pa wailesi m'sitimamo anati uthengawo unali womveka mokwanira. Kuti sanatembenuke kukamenyana, ndikumvetsa. Sitima yake ikanamizidwa pamodzi ndi boma lonse la Norway. Chimene chimandivuta ndi kukhala chete mpaka tsiku lotsatira, atatalikira kale ngozi, pamene mawu ochepa okha akanadzutsa ndege ndi sitima zokasaka.

Amene anawatola pomaliza sanali asilikali. Kasitima ka ku Norway kotchedwa Borgund, kali paulendo wopita ku zilumba za Faroe, kanakumana ndi zoyandamazo mwangozi patapita masiku pafupifupi atatu, n'kutola amuna osafika 40, Carter ali m'gulumo. Ena ochepa anatoledwa ndi sitima ina ya ku Norway ndi ndege ya Ajeremani, n'kukhala akaidi. Wa pa Ardent amene anakhala ndi moyo analinso mmodzi, Roger Hooke. Onse amene anafa pa sitima zitatuzi anali 1,519. Ambiri mwa iwo sanaphedwe ndi chipolopolo. Pakati pawo panalinso amuna ambiri a ku Malta, dziko limene nthawi imeneyo linali pansi pa Britain monga mmene Nyasaland inalili, amene ankagwira ntchito zophika ndi zoperekera zakudya m'sitima za mfumu.

Nkhani ya mamendulo ndi imene imaonetsa poyera mmene akuluakulu anaionera nkhondoyi. Miyezi iwiri m'mbuyomo, pa 8 Epulo, m'nyanja yomweyo, destroyer ina yotchedwa HMS Glowworm inakumana yokha ndi Admiral Hipper, ndipo itathedwa inakaigunda n'kumira. Kaputeni wa Hipper, Hellmuth Heye, anaima kutola opulumuka, kenako analemba kalata kudzera ku Red Cross yotamanda mdani wakeyo. Nkhondo itatha, mu 1945, kaputeni wa Glowworm, Gerard Roope, anapatsidwa Victoria Cross, mendulo yapamwamba koposa, ali kumanda kwake m'nyanja. Bernard Warburton-Lee, amene anafa akutsogolera ma destroyer ku Narvik pa 10 Epulo, analandiranso yomweyo. Onsewa anaiyenera. Koma Glasfurd ndi Barker, amene anachita zofanana, ndipo mmodzi wa iwo n'kupulumutsa anthu masauzande, anangotchulidwa maina m'malipoti a boma. Malamulo a nthawiyo ankati munthu womwalira angalandire Victoria Cross kapena kutchulidwa dzinako, mamendulo apakati sankaperekedwa kwa akufa. Ndiye panali zosankha ziwiri zokha, ndipo anasankha yaing'onoyo.

Anthu ena amati vuto linali umboni, poti Victoria Cross imafuna mboni ndipo maofesala onse a ma destroyer awiriwa anafa. Chifukwachi chili ndi mutu, koma sichindikhutiritsa. Ajeremani anaona zonse, anazilemba m'malipoti awo, anajambulanso kanema, ndipo nkhondo itatha mapepalawo anali m'manja mwa Angerezi. Ngati kalata ya mdani inakwanira pa Roope, bwanji apa? Maganizo anga ndi akuti kupereka mendulo yaikulu kukanakoka maso a dziko lonse kuti ayang'ane tsikulo, ndipo woyang'ana tsikulo sangalephere kufunsa kuti sitima yonyamula ndege inkatani yokhayokha popanda ndege m'mwamba, analola ndani, chenjezo la Hinsley linathera pa tebulo la yani, ndipo n'chifukwa chiyani panalibe wopita kukasaka. Akuluakulu athu amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ku Admiralty mitu ikuluikulu inalewa zonse.

Chodabwitsa n'chakuti amene anataya udindo chifukwa cha nkhondoyi ndi wopambanayo. Mkulu wa asilikali apamadzi a Germany, Erich Raeder, anamudzudzula Marschall chifukwa chosiya zimene anatumidwa ku Harstad ndi kuvulazitsa Scharnhorst, ndipo malo ake anatenga Günther Lütjens. Scharnhorst inakhala ikukonzedwa mpaka kumapeto kwa chaka. Gneisenau nayo inalasidwa ndi torpedo ya sitima yoyenda pansi pa madzi ya HMS Clyde pa 20 Juni. Choncho miyezi imene Hitler ankalingalira zowolokera ku England, sitima zake ziwiri zamphamvuzi zinali pa dokotala. Scharnhorst inadzamizidwa pa 26 Disembala 1943 kumpoto kwa Norway komweko, ndipo pa amuna ake pafupifupi 2,000 anatoledwa 36 okha. Ulendo umenewo anali Angerezi amene anachoka msanga, anthu akukuwa m'madzi. Kumbali ya Britain, Cunningham anakwera mpaka kukhala mkulu wa asilikali onse apamadzi mu 1946. Heath, amene mkangano uja unamusiya kumtunda, mlandu wake sunapite patali ndipo anapitiriza ntchito. Hinsley anayamba kumveredwa kuyambira mwezi womwewo.

Abale a omwalira sanaleke kufunsa. Phungu wina, Richard Stokes, anayamba kufunsa mafunso m'nyumba ya malamulo nkhondo ili m'kati, ndipo mu 1946 boma linatulutsa chikalata chokhazikika pa nkhani ya mafuta ija. Lipoti la kafukufuku amene anachitika mu 1940 analitsekera ndi chizindikiro choti lisatsegulidwe mpaka 2041, ngakhale kuti pambuyo pake analitsegula chakacho chisanafike. Mu Januwale 1999 phungu winanso, Alan Beith, anaibweretsanso nkhaniyi m'nyumba ya malamulo, ana a omwalirawo ali okalamba kale. Nduna inayamikira kulimba mtima kwa amuna a Acasta ndi Ardent ndi mawu okoma. Kafukufuku watsopano sanachitike, ndipo mamendulo a Glasfurd ndi Barker sanasinthe.